Tsiku Limene Bambo Anawedza Mwala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pakamwa panga panali polasa. Tinkakhala kudziko la azungu, ku Sighthill, m'nyumba zosanja zimene pambuyo pake anazigwetsa. Bambo ankadikira mapepala owaloleza kukhala m'dzikomo, ndipo sankaloledwa kugwira ntchito. Munthu amene ku Dedza anali mphunzitsi ankangotandala pawindo, chakudya chikubwera ndi amayi kuchokera kutchalitchi.

Loweruka lina anabwereka ndodo ziwiri zowedzera, zopyapyala, kwa mkulu wa mpingo. "Lero ndiwo zibwera ndi ine," anawauza amayi. Tinakwera sitima mpaka ku Gourock, kumene madzi a mtsinje wa Clyde ndi amchere.

Ine ndinali nditapitako kale ndi mnzanga wakusukulu, choncho ndinkadziwa kuwedza ndi jigi, kachitsulo konyezimira kokhala ndi mbedza. Ukaponya umakasiya kamire, kenako umakweza nsonga ya ndodo pang'ono n'kutsitsa, kuti kazivina ngati kansomba kovulala. Nsomba za makerele zimaluma kakamatsika. Chachikulu n'choti kasafike pansi, chifukwa pali miyala.

Bambo anafunsa za nyongolotsi. Azungu amene ankawedza pafupi anamwetulira. Atamva kuti nyambo ndi chitsulo chomwecho, anaponya n'kukhala phee, monga ankachitira ku Linthipe ali mwana, kudikira kuti nsomba iwapeze. Ndikanatha kuwauza, sanali mawu ambiri. Koma ndinachita manyazi ndi jekete lawo lakutchalitchi, ndipo ndinasunthira patali ngati sindikuwadziwa.

Ndinagwira nsomba zisanu ndi ziwiri. Iwo ankandiyang'ana cham'mbali, kenako anayamba kunditsanzira, koma jigi yawo inali itakodwa kale m'miyala. Ndodo inapindika.

"Chikondi! Yaikulu! Bwera undithandize!" anafuula, nkhope ikuwala koyamba patapita miyezi yambiri.

Anakoka ndi mphamvu zonse, chingwe chopyapyalacho chinaduka. "That's a rock, Da," ndinatero mokweza kuti azungu aja amve. Anaseka, ndipo ine ndinaseka kuposa onse.

Kunyumba amayi anatsegula jumbo, fungo la m'nyanja linadzaza m'khitchini. "Bambo a Chikondi, zonsezi mwagwira inu?" Bambo asanatsegule pakamwa ndinawadula. "Zonse ndi zanga. Adadi awedza mwala."

Palibe anandikalipira. Bambo anadya masamba okha, nsomba osaikhudza. Lolemba anakabweza ndodo zija, ndipo za kunyanja sanazitchulenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndimawaphunzitsa kuvinitsa jigi pamalo omwewo. Chimene chimandiwawa ndachimvetsa mochedwa. Bambo sanapite kukafuna makerele. Ankafuna kulowa pakhomo pawo atanyamula kanthu, kamodzi kokha, akazi awo akuona. Jumbo ija anainyamula okha kuchokera kusiteshoni, ndipo amayi anali atakhulupirira kale. Ndikanangokhala chete.