Mpata wa Lachinayi

Mkazi wanga anayamba kukodza magazi m'chaka chachiwiri cha ukwati wathu. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anati ndi likodzo, namupatsa mapiritsi. Tinabwererako kanayi, ndipo kanayi konse analemba zomwezo m'buku lake, osamuyeza n'komwe. Ine ndinapita kukoleji, ndimaphunzitsa kusekondale, koma sindinafunse kanthu.

Atatopa nafe anatitumiza kuchipatala chachikulu mumzinda. Dokotala woona za chikhodzodzo analipo mmodzi. Omudikira anadzaza khonde lonse, ambiri abambo achikulire atabisa matumba a mkodzo m'majumbo. Ife tinaonana naye pa ulendo wachitatu. Anati m'chikhodzodzo muli chotupa, ndipo chikukula.

"Lachinayi lino pali mpata, wina wasintha maganizo," anatero dokotalayo. "Mukasayina lero, ndichita opaleshoni. Mukauphonya, ndilibenso malo mpaka mvula itagwa."

Anati wodwala akhoza kusayina yekha. Mkazi wanga anandiyang'ana, nati, "Amalume adziwe kaye."

Sindinamutsutse. Ndine mkamwini, ndinamanga nyumba pamudzi wa kwawo. Kwathu kuno nkhani yong'amba munthu amavomereza ndi mwinimbumba, mlongo wa amayi ake, osati mwamuna wongobwera.

Ndinawaimbira foni amalumewo. Anati nkhani ya mpeni sakambira pafoni. Ndinamusiya mkazi wanga ndi mng'ono wake, n'kukwera minibasi mpaka pa Linthipe, kenako kabaza kupita ku Kaphuka. Ndinawapeza akukumba mbatata ya kachewere.

"Akamwini, thukuta lonseli ngati mwaba mbuzi?" anatero akuseka. "Takhalani pansi."

Ndinafotokoza zonse, ndi za Lachinayi zomwe. Anamvetsera akusankha mbatata zazikulu n'kumaziponya m'thumba.

"Madokotala amakonda kudula," anatero. "Inu ophunzira mumangoti inde. Akatsalira patebulopo mudzatiuza chiyani? Inu mudzakwatira wina. Ife tidzam'tenga kuti?"

"Amalume, nthawi yatha."

"Nthawi ilipo. Ndiitane alongo anga, tikhale pansi Loweruka."

Ndinadikira. Ndilembe bwinobwino: palibe anandimanga miyendo. Ndinagona kunyumba kwathu masiku anayi, ndikudziwa kuti Lachinayi likudutsa. Loweruka anakhala pansi, anakambirana pang'ono, navomera mosavuta. Amalume anachita kundiuza kuti ndifulumire.

Lolemba, titafika kuchipatala chachikulu kuja, namwino anatsegula buku lake osandiyang'ana. Malo aja anapatsa munthu wina. "Nanga munali kuti?" anandifunsa. Anatilembera tsiku lina, miyezi inayi kutsogolo, natiuza kuti tikadikirire kunyumba.

Mkazi wanga sanafike tsikulo. Mkodzo unasiya kutuluka, anamuika kapaipi, miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana. Anamwalira anthu akumaliza kupanga mizere, mvula isanagwe. Sanadandaulepo za amalume ake, ngakhale za ine, ndipo zimenezo sizinandipepuze.

Pamaliro, misa itatha, amalume anaimirira kuyankhula m'malo mwa banja. Anati anayesetsa zonse koma Mulungu wakonda. Kenako anandiyamikira. Anati masiku ano akamwini ophunzira amachita zinthu paokha, koma uyu ndi waulemu, anabwera kudzafunsa eni ake, nadikira yankho.

Anthu anatembenuka kundiyang'ana, akugwedeza mitu. Ndinawerama monga amachitira mkamwini wabwino. Kuchokera tsiku limenelo sindinawayankhulepo amalumewo, ndipo tikakumana pamsika ndimawoloka msewu. Iwo amauza anthu kuti ndi chisoni, chidzatha.