Makutu a Bambo Sazimitsa

Pamalo oimikapo matakisi ankawatchula kuti a Sazimitsa. Dzinali linabwera ndi sitata ya galimoto yawo, yomwe inafa kalekale. M'mawa ankailizira pamtsetse wa kunyumba kwawo, ndipo injini ikangolira sankaizimitsanso mpaka madzulo, chifukwa mawondo okankhira galimoto analibenso. Makutu nawo anawasiya kuchigayo komwe anathera unyamata wawo wonse, moti wopita kubanki akapanda kukuwa ankangozindikira ali kumsika.

Makutu awo enieni anali akazi awo. Mayiwo ankagulitsa zovala chapafupi pomwepo, ndipo popita ndi pobwerera mpando wakutsogolo unali wawo. Chiwongolero sanachigwirepo, koma kaphokoso kalikonse ka galimotoyo ankakadziwa. "Bambo, tayala lakumbuyoli likudandaula," ankakuwa chotero. Galimoto ikaima nthawi yaitali ankatchera khutu mpaka fani itayamba kupemerera radiyeta, n'kuwagwira amuna awo pabondo: "Yayamba."

Kenako mayiwo anadwala, n'kugonekedwa m'chipatala. Mpando uja unatsala wokha.

Sipanapite nthawi galimoto inayamba kutentha. Ikamathamanga, muvi wa geji yoonetsa kutentha unkakhala pakati bwinobwino, koma ikangoima pamzere wa magalimoto, muviwo uyo, kulunjika kofiira. A Sazimitsa anathira madzi, anasintha chivundikiro cha radiyeta, mpaka anaitsuka ndi sopo. Fani sanaiganizire n'komwe. Akatsegula boneti ankaipeza ili duu, koma paja imayamba yokha ikafuna, ndiye ankati yangopuma kumene. Mlamu wawo, yemwe ndi makaniko, ankawauza kuti, "Alamu, bwerani nayo ndiione." Koma munthu amene mtima wake uli kuwodi angasiye galimoto kugalaja tsiku lathunthu?

Tsiku lina adokotala anachita kuwakuwira m'khutu mawu amene ena amauzidwa monong'ona: "Pitani nawo kunyumba. Kuno tachita zonse zimene tikanatha." Mayiwo anangopempha chinthu chimodzi, kuti apite kwawo atakhala pampando wawo uja.

A Sazimitsa anaimika galimoto pakhomo la chipatala, injini ikulira monga mwa masiku onse, n'kulowa kukatenga zikwama. Anamwino anachedwa, dzuwa nalo linali litakwiya. Pomwe ankawatulutsa mayi panjinga ya odwala, mayiwo anapendeketsa mutu asanafike n'komwe pagalimoto.

"Bambo," anatero ndi mawu otheratu, "fani sikulira."

Amuna awo sanamve. Namwino ndiye anabwereza mokweza, koma apo n'kuti nthunzi ikutuluka kale m'mbali mwa boneti. Injini inatsokomola, n'kuzima yokha.

Mlamu uja atafika anayamba waona fyuzi, inali bwino. Anakoka waya kuchoka kubatire mpaka kufani, koma fani osagwedezeka. "Mota yake inapsa kalekale," anatero. "Mukamathamanga inkazizira ndi mphepo ya mumsewu, mukaima inalibe woipemerera." Kenako anasolola kachitsulo koonera oyilo. Oyiloyo anali atayera ngati tiyi wamkaka. Makanikoyo anapukuta manja.

"Madzi alowa mu injini, alamu. Yatha iyi. Mukanamva msanga, bwenzi tangosintha fani yokha."

"Ndikanamva ndi chiyani?" anafunsa a Sazimitsa. Sanakalipe. Ankangoyang'ana akazi awo, misozi ikutsika osaipukuta. Zinawawawa kuti kwa zaka zonsezi sanazimitsepo injini masana pofuna kuti isawasiye panjira, ndipo kusazimitsa komweko n'kumene kunaipha pa tsiku limene ankaifunitsitsa.

Mayi anawakhazikabe pampando wawo wakutsogolo uja. Mlamu anamangirira chingwe kugalimoto yake n'kuyamba kuwakoka pang'onopang'ono, a Sazimitsa atagwira chiwongolero cha galimoto yoti zii. Ali m'njira mayiwo anawagwira pabondo monga kale, n'kunena kanthu kena ndi timawu tomwe anatsala nato. A Sazimitsa anaona milomo ikugwedera. Anapendeketsa khutu, anasendera pafupi, koma sanamve ngakhale liwu limodzi.

"Eya, mayi," anavomera. "Ndamva."