Machira Anali Amodzi

Inu amene mukuona ngati phiri lanu lakula, imvani za Clarrie Dunstan.

Mu 1942, pa nkhondo ya m'nkhalango za ku Papua, msilikali Clarrie anali thasa m'matope, chipolopolo chitamuphwanya mwendo. Mvula sinkakata, malungo ankamunjenjemeretsa, misundu itadzaza m'nsapato. Adani anali pafupi, ndipo gulu lake linkabwerera m'mbuyo kudzera m'mapiri. Pambali pake panagona mnzake Merv Tully, atalasidwa pamimba. Machira otsala anali amodzi.

Clarrie sanali munthu woti n'kumuwerengera. Anakula wamasiye, sukulu inamukana, n'kumangometa nkhosa m'mafamu a eni kwawo ku Queensland. Kunkhondokonso asilikali akale ankanyoza gulu lake kuti ndi chokoleti, dzuwa likangowomba asungunuka.

"Kwera machirawa, Dunstan," anatero sajeni. "Tullyyu safika patali."

"Ndikumvatu, bwana," anadandaula Merv.

"Nyamulani iyeyu," anatero Clarrie. "Ali ndi mkazi ndi kakhanda kwawo. Ine ondilira ndi nkhosa basi, nazonso n'zokayikitsa."

"Nanga iwe uyenda bwanji?"

"Manja ndili nawo."

Anamanga zisanza m'manja ndi m'mawondo, n'kuyamba kukwawa pambuyo pa amuna a ku Papua omwe anasenza Merv.

Atafika patsinde pa phiri loyamba anakweza maso, ndipo analira ngati mwana. Sindikumunyoza, inenso ndikanalira. Kenaka anakumbukira lamulo la ometa nkhosa: usasuzumire m'khola kuti zatsala zingati, msana ungakuthyokere pomwepo. Umayang'ana yomwe waipana m'miyendo. Choncho anagwira muzu umodzi, n'kudzikoka, n'kufunafuna wina.

Onyamula machira aja, otopa kale, ankamugawira mbatata ndi madzi a m'tsamba. Merv naye akatsitsimuka sankasowa chonena.

"Aise, ukukwawatu ngati ng'azi yokhuta!"

"Khala chete, mfumu yonyamulidwa iwe. Ukangofa pamachira angawo, ndikumenya."

Anatukwanizana choncho phiri ndi phiri, masiku ambirimbiri, mpaka anafika kuchipatala cha matenti. Mwendo wa Clarrie unali utawola, ndipo anaudula. Merv anachira, n'kukalera mwana wake.

Clarrie anabwerera ku nkhosa ndi mwendo wamtengo. Poyamba zinkamugwetsa, anthu n'kumamumvera chisoni, zomwe ankadana nazo kwambiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo: anadzakhala ndi gulu lake la ometa, ndipo ambiri mwa iwo anali amasiye.

Chaka chilichonse, pa tsiku lokumbukira asilikali mu Epulo, pankabwera galimoto yonyamula olumala pa perete. Clarrie sanaikwerepo. Chaka chomwe Merv anamwalira ali gogo, mwana wake uja, Noeline, anabwera atavala mamendulo a bambo ake kudzanja lamanja, monga amachitira ana a asilikali omwe anatisiya.

"Amalume, lero lokha kwerani," anamuchonderera.

"Mupatseni wovutika malowo, mwanangu."

Noeline anamugwira mkono, misozi ili mbwembwembwe. "Munatero kale kamodzi, ine n'kukula ndi bambo. Tiyeni, tiyendera limodzi."

Anayenda pambuyo penipeni, mwendo wamtengo ukugogoda msewu, ndipo palibe woonerera amene anachoka iwo asanadutse.

Inunso lekani kusuzumira m'khola. Gwirani muzu womwe uli pafupi, mudzikoke. Mwendo ukakana, manja alipo. Musataye mtima.