Malegeni a Bambo pa galimoto ya mpikisano

Mwaswera bwanji nonse. Tamvani zachitika kuno ku Ludzi.

Galimoto za mpikisano zija zikuyeserera mumsewu wa ku esiteti, imodzi inaima pakhomo pathu masanawa. Kachitsulo kogwira kamera kutsogolo kanali katathyoka ndi mabampu. Dalaivala anayesa kumata ndi tepi, koma inkangomatuka.

Bambo anangomuyang'ana, kenako anakamasula malegeni pakaliyala ya njinga yawo, omangira matumba a mtedza aja. Pansi pa kamera anaikapo patapata wakale kuti isamanjenjemere, n'kukulunga zolimba.

Galimoto yafika ku Chiosya n'kubwerera, kamera osasuntha. Koma abale, pomanga paja kamerayo inali ikujambula. Kanema yense akuyamba ndi mphuno ya Bambo, lilime lili panja, akukoka legeni. Taseka mpaka misozi.

Nkhani ndi iyi. Dalaivalayo wati mawa m'mawa awatenge, azungulire nawo kamodzi. Bambo avomera pomwepo. Akuti, "Ndili mnyamata ndinkaswera pachulu kudikira galimoto zimenezi, ndinkangoonako fumbi. Mawa fumbilo ndikalisiye kumbuyo ineyo."

Mayi akanitsitsa. Akuti munthu wa bipi, amene amachita chizungulire ngakhale pa kabaza, akafuna chiyani mmenemo.

Ine mtima uli pawiri, chifukwa sindinawaonepo Bambo akusangalala chonchi. Achemwali Esnati, inu ndinu namwino, tiwalole kapena ayi? Enanu mukuti bwanji?

Yankhani msanga. Panopa akhala pakhonde atavala kale helimeti yobwereka, ndipo wokawavula si ine.