Dzina langa linatsala pa famu

Nyumba ya m'komboni si yako, ndi ya manja ako. Manja akasiya ntchito ya pa famu, loko wa pakhomo amasintha mwini sabata isanathe. Ine ndinabadwira m'komboni, pa famu ya fodya ya pakati pa Mutorashanga ndi Concession, ndipo lamulo limeneli ndinalidziwa ndisanadziwe kuwerenga. Ndalitchula poyambirira kuti pasapezeke wondimvera chisoni ponena kuti mayiyu sankadziwa. Ndinkadziwa bwinobwino.

M'nyumba mwathu tinalimo atatu: ine, mwana wanga wamkazi, ndi ababa. Bambo wa mwanayo anapita ku Joni mwana akukwawa, n'kutchona. Ababa anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Dedza, wapansi, nayamba kukumba miyala ku migodi ya ku Mutorashanga asanalowe ya fodya. Atakalamba anawachotsa m'buku la antchito, nyumba n'kukhala pa dzina langa. Famuyo inachoka m'manja mwa mzungu n'kupita kwa bwana wina wokhala ku Harare, koma lamulo la nyumba silinasamuke ndi mzunguyo. Linatsala, ngati nsikidzi za m'khoma.

Mwana wanga anakhoza Giredi 7 mochititsa kaso, ine m'malo mosangalala ndinadwala nazo mutu. Sekondale yoyandikira inali mtunda woti ukanyamuka tambala atalira umakafika dzuwa lili pamutu, ndiponso pakati pali mtsinje wosawolokeka nthawi ya dzinja. Atsikana a m'komboni amene ankayesera ankachita lendi tizipinda ta kuseri kwa mashopu, okhaokha, ndipo ambiri ankabwerako ndi mimba m'malo mwa satifiketi. Ineyo sekondale yanga inali shedi yosankhira fodya. Ndinalowamo mawere asanamere, ndipo sindinkafuna kuti mwana wanga adzakhale pa benchi lomwelo.

Nkhani ya sukulu yatsopano ndinaimva kutchalitchi, kwa mayi wina wogulitsa tomato ku Concession. Anati boma likutsegula sekondale mu Januwale chakufupi ndi kumeneko, ndipo ayamba kulemba ana okhala pafupi, oti angathe kuyenda wapansi. Ndinapempha tsiku limodzi kuntchito n'kupita kukadzionera ndekha. Ndinapeza midadada iwiri yosapaka penti, mawindo opanda magalasi, mbuzi itagona m'kalasi ina ngati yalembetsa kale. Fungo la simenti yaiwisi linali ponseponse. Sindinaonepo nyumba yokongola ngati imeneyo.

Ahedi anali atakhala pansi pa mtengo ndi tebulo lawo. Anayang'ana pepala la mwana, n'kugwedeza mutu mokondwa, kenako, pofuna kudziwa kumene ndimakhala, anandifunsa m'Chishona: “Munogara kupi, amai?”

Nditatchula famu yathu, nkhope inasintha. Anati ndi kutali, malo ndi ochepa, ndipo akufuna kalata yosonyeza kuti mwanayo amagona m'dera lomwelo. Ndisanakwere kombi yobwerera ndinali nditapeza kale chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mayi wa tomato uja, ndi lonjezo la ntchito yolongedza ndiwo zamasamba. Mumtima ndinali nditasamuka kale. Za ababa ndinazikumbukira ndili m'kombi, ndipo ndikuchita manyazi kunena zimenezi.

Ndinawapeza pakhonde akukunga ng'oma. Ababa anali mkulu wa gule pa famupo, pamene amayi, amene anali atatisiya zaka zitatu m'mbuyomo, anali munthu wa mpingo weniweni. Anakhala moyo wawo wonse akunyogodolana za zimenezi popanda wogonja. Amayi anagona kumanda a pa famu, kuseri kwa mabalani owotchera fodya, ndipo ababa anali atasonyeza kale anzawo malo awo pambali pake. Vuto linali lakuti bwana watsopano ankafuna kulima mpaka kumandako, ndiye analamula kuti woikidwa pamenepo akhale yekhayo amene wamwalira akukhala m'komboni. Wochoka wachoka.

Ndinagwada n'kuwafotokozera zonse. Ndinati chipindacho n'chaching'ono koma titchinga nsalu pakati.

“Ndiye ndikafera kumeneko akandiika kuti?” anafunsa, maso ali pa ng'oma.

“Kuli manda a khonsolo, ababa.”

“A manambala aja? Kumene gule saloledwa kulowa? Iwe, ine kwathu kunanditaya kalekale. Ndikapita ku Dedza lero, ngakhale galu sangandizindikire. Mudzi wanga ndi pamene pagona mayi ako.”

Ine ndili ndi pakamwa, aliyense m'komboni ankadziwa. Ndinayankha kuti: “Akufa sapita kusukulu, ababa. Mwanayu ndi wamoyo.”

Sanandikalipire. Anangoika ng'oma pambali n'kulowa m'nyumba. Bola akanandimenya nayo.

Patapita masiku awiri anavala jekete lawo la kumaliro n'kupita kwa afolomani, amene anali mnzawo wa kudambwe. Anabwerako akumwetulira. “Nkhani yatha,” anatero. “Akuti zaka zonse ndinagwira pano aziona. Andilola kukhala m'nyumba muno. Inu pitani, mwana akaphunzire.”

Apa ndiye pamene ndimadziimba mlandu. Unali mwezi woyamba kuthyola fodya, nthawi imene famu imafuna manja ngakhale a munthu wodwala, ndipo mabanja obwera kudzagwira ganyu amagona m'mashedi posowa nyumba. Ndi famu iti imene inasiyirapo nkhalamba nyumba ya zipinda ziwiri chifukwa cha chisoni? Mwana wa Giredi 3 akanaseka. Koma ine ndinati Mulungu ndi wamkulu, n'kuyamba kumanga katundu. Ndinkafuna sukulu, ndinkafunanso kuti ababa akhale pabwino, ndipo ndinaiwala dala kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Tinasamuka pa ngolo ya thirakitala mpaka kumsewu. Tsiku lotsegulira sukulu ndinaima kunja kwa waya ndi azimayi ena, tikuonerera ana athu atafola pa bwalo lamatope, yunifolomu zikadali ndi mizere ya m'shopu. Wanga anali wachitatu kuchokera kutsogolo, siketi yofika m'akakolo chifukwa ndinagula yoti akule nayo. Ndinalira mpaka mayi wina anandipatsa mpango. Miyezi imeneyo ndinali wosangalala, sindingabise.

Kwa ababa tinkapita Lamlungu la kumapeto kwa mwezi. Tinkawapeza atagona masana, chinthu chimene sankachita. Manja awo anali akuda bii ndi utomoni wa fodya, uja sumachoka ndi sopo. Nditafunsa anati amathandiza mnzawo kumanga fodya wa pa kamunda kake kuti asamangokhala. Azimayi a m'komboni akandiona ankandipatsa moni wofulumira n'kupeza chochita. Zonsezi ndinaziona, ndipo ndinazipinda bwinobwino n'kuziika pansi pa mtima.

Teremu yoyamba itatha, mwana anabweretsa lipoti loti sindikanatha kudikira nalo Lamlungu. Ndinakwera kombi yoyamba Lachiwiri, ndekha, osatumiza uthenga. Ndinafika m'mawa antchito asanalowe, n'kupeza pakhomo pali loko. Ndinatsatira anthu kushedi, poganiza kuti wina andiuza kumene apita.

Anthu anali atafola panja monga mwa masiku onse, afolomani ali ndi buku lawo akuitana mayina. Ndinaima kuseri kwa thanki ya madzi kudikira kuti amalize. Kenako ndinamva dzina langa, lonse lathunthu, monga ankaliitanira zaka zonse zija. Pakamwa panga panatseguka pokha kuti ndiyankhe, koma wina anandiyambirira.

“Ndilipo.”

Anali mawu a ababa. Anali pa mzere wa azimayi, atavala ovolosi yanga yakale yopinda m'miyendo. Mtsikana wina anawaseka kuti, “Mwadzuka bwanji, amayi?” iwo n'kuyankha mwa nthabwala ndi mawu aang'ono, anthu n'kuseka kuseka kwa chizolowezi. Zinali zoonekeratu kuti nthabwala imeneyi inali ya tsiku ndi tsiku.

Pa famu pali chizolowezi chakuti ukadwala, m'bale wako amatha kukugwirira mugwazo, ndiye kuti gawo la ntchito limene wapatsidwa tsikulo, kuti dzina lako lisalembedwe kuti wajomba. Zimakhala za tsiku limodzi kapena awiri. Ababa anatenga chizolowezi chimenechi n'kuchikoka miyezi inayi. Munthu wa msinkhu wawo sakanalembedwa ntchito mwatsopano, koma dzina langa linali likadali m'buku, ndipo bwana wa ku Harare amaona buku, saona nkhope. Nthawi yonse imene ine ndinkaimirira pa waya wa sukulu, iwo anali atawerama m'mizere ya fodya pa mvula, akuthyola masamba m'dzina langa.

Ndinawadikira mpaka nthawi ya tiyi. Atandiona sanadzidzimuke, anangondikodola kuti tipite kuseri kwa balani.

“Ababa, mwandichititsa manyazi,” ndinatero, misozi ili mbwembwembwe. “Mwandinamiza. Ndibwerera. Mawa lomwe ndibwerera pa mzere wanga.”

“Ubwerere kudzatani? Ntchito ukuigwira kale. Afolomani akuti chiyambire sunalimbikirepo chonchi, ndipo wasiya kukangana ndi anthu.”

Ndinalephera kuseka. Anaona pepala m'manja mwanga n'kufunsa kuti n'chiyani. Nditawauza, anapukuta manja pa ovolosi n'kukhala pa njerwa. “Tandiwerengera.”

Ndinawerenga phunziro lililonse ndi mawu a aphunzitsi, ndikumasulira m'Chichewa. Nditamaliza anati ndibwerezenso pamene alemba kuti mwanayu ali ndi mutu wa masamu. Ndinabwereza.

“Basi,” anatero. “Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ukamubweza kuno, udzakhala wandigwiritsa ntchito yonseyi pachabe.”

“Ndiye tiyeni tonse, ababa. Chonde.”

Analoza ndi milomo kumitengo ya kumanda, n'kudzuka chifukwa simbi, chitsulo choitanira antchito, inali italira.

Ndinabwerera ku Concession tsiku lomwelo. Chimene sindinauzepo munthu ndi ichi: m'kombi muja, pansi pa kulira konse, mtima wanga unapepuka kuti akana. Ndinanena kuti ndibwerera, inde, koma ndinkapemphera kuti asavomere. Ndinasankha mwana wanga kachiwiri, ulendo uno maso ali poyera.

Anagwira nyengo yozizira yonse kushedi, anagwira kumanazale, anawokera fodya mvula itagwa. Ndinkawatumizira shuga, mafuta opaka m'mawondo ndi jombo zatsopano, tizinthu timene munthu amatumiza pofuna kugona tulo. Mwana wanga sindinamuuze. Akawafunsa za manja akudawo, agogo ake ankamuuza kuti ukalamba umayambira m'zala.

Chaka chachiwiri, fodya ali pakati pothyoledwa, foni inalira ndili kuntchito. Anali mayi woyandikana nawo nyumba. Anati ababa agwa m'munda, awanyamula pa ngolo. Ndinawapeza ali pa mphasa, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Ndinati tipeze galimoto tipite kuchipatala, iwo anagwira mwendo wa tebulo.

“Ukandichotsa muno sindibwereranso. Adzati ndinasamuka.”

Ndinawauza kuti lamulo silikutero, kuti wofera kuchipatala amabwera naye. Afolomani nawonso anawauza chimodzimodzi. Sanatikhulupirire, ndipo kunena zoona ifenso sitinali otsimikiza. Anamwalira tsiku lachitatu, masana, m'nyumba mwawo.

Maliro awo anayenda monga ankafunira. A mpingo anaimba pakhomo chifukwa cha amayi, kenako anapatuka, ng'oma zinayamba, zilombo zinatuluka kumitengo kudzatenga mnzawo. Fumbi linali koboo mpaka kumabalani. Anawaika pambali pa amayi, pamalo pomwe anasonyeza. Mwana wanga anafika ali m'yunifolomu chifukwa anachokera m'kalasi, ndipo kumandako ndi kumene anamva zonse, kuchokera kwa azimayi amene ankayamikira agogo ake mokweza. Sanandifunse kanthu. Mpaka lero sanandifunsepo, ndipo ine ndimaopa tsiku limene adzafunse.

M'mawa mwake, titasesa, afolomani anabwera chipewa chili m'manja. Anakhala pansi, anapepesa, anazungulira ndithu asanafike pa nkhani.

“Mayi, mundikhululukire, ndi ntchito. Lolemba dzina lija ndiliitane? Woyankha palibe.”

Mwana wanga anali pakhomo akutsuka makapu, ndipo ndinamva kuti wasiya. Sukulu inali itatsala zaka ziwiri ndi miyezi.

“Musaliitanenso,” ndinatero.

Kiyi ndinawapatsa Lamlungu. Pofika Lachinayi m'nyumbamo munali mutalowa banja lina.

Timapitabe kukalambula pamanda mvula ikatha, ine ndi mwana wanga. Pa geti pali mlonda watsopano amene satidziwa, mnyamata waulemu ndithu. Amatulutsa buku la alendo n'kufunsa kuti tabwera kwa yani, nyumba nambala chani. Chaka chilichonse ndimaima pamenepo ndi khasu m'manja, kenako n'kumulozera ndi milomo kumitengo ya kumanda.