Odi wa Amayi Aang'ono

Kwathu mapichesi amachita maluwa masamba asadabwere. Mtengo umakhala ngati wouma, mphepo ya chisanu isadatheretu, ndiye mmawa wina ungoona nthambi zonse zafiirira. Azungu a ku Vila, tauni ya kwathu, nyengo imeneyi ankaitcha pirimavera, ndipo ankaikonzera fesita, chikondwerero cha masiku awiri, pabwalo la kutsogolo kwa boma. Ife dzinalo tidalibe nalo ntchito. Tinkangodziwa kuti chimanga chili m'nkhokwe, mvula idakali kutali, basi nthawi yovina yakwana.

Masiku awiriwo Vila inkasintha nkhope. Amuna a ngoma ankabwera ndi zishango, nthenga zili kumutu, akaponda pansi fumbi n'kukafika pakhonde pomwe pankakhala akuluakulu a boma. Anyamata a bandi ya ku mishoni ankaliza malipenga atavala makabudula oyera, amene pofika masana ankakhala atafiira ndi dothi. Mzungu wina wa sitolo, imene tinkaitcha loja, mwini mimba yaikulu, ankatulutsa kodiyoni n'kumaimba nyimbo za kwawo misozi ili m'masaya, ife n'kumaseka chobisa. M'mbali mwa bwalo anthu ankayala miphika, mphasa, madengu ndi zosema, akazi a azungu n'kumasankha zokongola kuti eni ake alandire sopo kapena mpango. Gule wamkulu yekha ndiye sankaloledwa kulowa m'tauni. Koma chimene anthu ankadikira, ngakhale amuna onamizira kuti abwerera ngoma, chidali chintali cha amayi.

Amayi anga adabadwa awiri okha, iwo ndi mng'ono wawo, amene ine ndinkawatcha amayi aang'ono. Adakula akusinja mtondo umodzi. Kenaka amayi aang'onowo adakwatiwa kutsidya kwa malire, cha ku Dedza, ulendo wapansi wa tsiku lathunthu kuchokera kwathu kufupi ndi Lifidzi. Kale malirewo adali dzina chabe, mbuzi zinkadya uku n'kukagona uko. Komabe minda ndi ana sizinkawalola kuyenderana kawirikawiri, choncho malo awo okumanirana chaka ndi chaka adali pa fesita. Amayi aang'ono akaoloka malire ankabwera ndi gulu la amayi a ku Domwe, dera la mbali yathu ino, amayi anga ndi gulu la kwathu.

Awiriwo adali ndi nyimbo yawo imene adaipeka ali atsikana. Magulu awiri aja akaima moyang'anana, ng'oma zitagwira, amayi aang'ono ankatuluka pamzere manja ali m'chiuno, n'kuponya mawu awo aja opyapyala, ofika kutali:

"Odi kuno, odi! Kodi pakhomo pali anthu?"

Ng'oma zinkatsika pang'ono kusiya mpata. Ndiye amayi anga, ndi mawu awo aakulu ngati a mwamuna, ankayankha:

"Alipo, alipo, fika mwana wa amayi!"

Akatero magulu onse awiri ankailandira nyimboyo n'kusanduka bwalo limodzi, nthungululu zili pakamwa. Palibe mayi wina ankayerekeza kuyankha odi ameneyo, chifukwa aliyense ankadziwa mwini wake.

Chaka chimene ndikufuna kunenachi ndidali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinene zoona, ndinkadzimva. Ndidali nditakhoza kalasi lomaliza pa shikola ya ku mishoni, Chipwitikizi chili pakamwa ngati ndidachita kuyamwa, ndipo dzina langa lidali pa pepala la atsikana atatu osankhidwa kukaphunzira uphunzitsi. Chotsala chidali chimodzi: pepalalo lidayenera kukadindidwa kuboma. Ndinkayenda m'mudzi ngati ndavala kale nsapato, chikhalirecho ming'alu ili kuzidendene ngati mnzanga aliyense.

Nkhondo idali itafika m'chigawo chathu. Mfuti tinkazimva mwa apo ndi apo, koma chimene chidatidya kwambiri ndi kukayikirana. Munthu aliyense wochokera kutsidya ankayesedwa mthenga wa anyamata a m'tchire, ndipo akazitape a boma sankadziwika nkhope. Adali anthu omwewo amene tinkagwada nawo m'tchalitchi. Aphunzitsi athu adatiitana atatufe, natiuza motsitsa mawu kuti mpaka pepala lidindidwe tisaoneke ndi munthu wa kutsidya, ife kapena makolo athu, ngakhale moni wokha. Adatikumbutsa za wophunzira wina amene dzina lake lidafafanizidwa chaka chapitacho chifukwa amalume ake a kutsidya adagona kwawo.

Sabata yomweyo uthenga udafika. Adabwera nawo mayi wina wogulitsa kachewere, amene ankayenda mbali zonse ziwiri ndi dengu pamutu. Adati amayi aang'ono abwera ku fesita, adzera njira za m'madimba, ndipo avala nsalu yofanana ndi ya gulu la ku Domwe kuti asadziwike. Padali patapita zaka ziwiri awiriwo asadaonane. Amayi atamva adavina pabwalo okhaokha, nkhuku n'kubalalika.

Ine ndidakumbukira mawu a aphunzitsi aja. Ndidadikira mpaka madzulo tikupeta nyemba kuseri kwa nyumba.

"Amayi, akakaimba odi uja musakayankhe."

Adaleka kupeta. "Wati chiyani, iwe?"

Ndidawafotokozera za pepala, za aphunzitsi, za wophunzira uja. Ndidati akangoyankha, bwalo lonse lidziwa kuti mlendo wa kutsidya walandiridwa ndi banja lathu, pamaso pa boma lenilenilo.

"Odi sakanidwa, mwana wanga," adatero. "Ngakhale mfiti ikati odi masana, umayankha."

Apo ndiye ndidayamba kulira, kulira kwaukali kuja kwa mwana wozolowera kupambana. Ndidawafunsa ngati akufuna kuti ndidzafe ndi khasu m'manja ngati iwo. Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero, ndipo ndimachita nawo manyazi. Amayi adatula lichero pansi.

"Chibale ndi fupa, sichiola," adatero pang'onopang'ono.

"Ngati sichiola, chidikira chaka chamawa," ndidayankha.

Ndidaona ngati ndalankhula zanzeru kwambiri. Abambo, amene ankakonza mpini chapafupi, adangoti mwanayu ali ndi mfundo pang'ono, n'kunyamuka kupita kudimba. Amayi sadalonjeze kanthu. Adatola lichero n'kupitiriza kupeta nyemba zopeta kale.

Tsiku la fesita tidalawirira. Amayi adanyamula nkhuku yathadzi ndi kathumba ka mbewu ya nyemba zoti akapatse mng'ono wawo, ine n'kumaziyang'ana ngati ndi njoka. Mumsewu wa maloja maluwa a jakaranda adali atayoyokera pansi, ndipo anthu adali pikitipikiti. Ngoma idavinidwa, bandi idalira, mzungu wa kodiyoni adalira kulira kwake kwa chaka ndi chaka. Dzuwa lili paliwombo adaitana chintali.

Ndidaima kumbuyo kwenikweni kwa amayi, dala. Gulu la ku Domwe litaima patsogolo pathu ndidawaona amayi aang'ono, achitatu kuchokera kumanzere. Adali ndi pathupi, mimba itayamba kuoneka, ndipo ndi mimba imeneyo adali atayenda tsiku lonse m'madimba. Adatuluka pamzere akumwetulira, manja m'chiuno monga mwa nthawi zonse.

"Odi kuno, odi! Kodi pakhomo pali anthu?"

Ng'oma zidatsika. Ine ndidagwira nsonga ya nsalu ya amayi n'kuikoka pang'ono. Amayi adayang'ana pansi.

Amayi aang'ono adaseka, poganiza kuti mwina phokoso lachuluka, nabwerezanso mokweza. Ng'oma zidatsikanso. Amayi a gulu lathu adayamba kuyang'anana, wina adawagunda amayi anga ndi chigongono, koma iwo adangoti duu.

Kachitatu amayi aang'ono adaitana manja atawatsitsa. Sikudalinso kuimba kwenikweni. Kudali ngati munthu waima pakhomo la kwawo akuona utsi ukutuluka padenga, koma chitseko chili chotseka. Bwalo lonse lidati zii, kungotsala ng'oma yaikulu yokha. Kenaka mayi wina wa ku Domwe adayambitsa nyimbo ina kuti aphimbe manyaziwo, ndipo gule adapitirira.

Apo m'pamene ndidakweza maso kuyang'ana pakhonde paja, pa anthu amene ndinkawaopa. Azungu ankamwa vinyu akuseka zawo. Wina ankajambula mwamuna wa ngoma atanyamula chishango. Sipayi, msilikali wa pa boma amene adaima pafupi nafe, adali kalikiliki kutafuna nzimbe. Kaya m'khamumo mudali kazitape, sindidziwa ndipo sindidzadziwa, koma ine sindidaone munthu ndi mmodzi yemwe wosamala za nyimbo ya akazi awiri.

Gule atatha tidawafunafuna amayi aang'ono ndi maso okha. Adali atanyamuka kale. Nkhuku ija tidabwerera nayo kunyumba, ndipo palibe adayerekeza kuipha ngakhale pa Khirisimasi. Idafa yokha ndi ukalamba.

Pepala lidadindidwa patapita masabata awiri. Mlembi wa kuboma sadandifunse za amayi aang'ono, kapena za wina aliyense. Adangofunsa ngati dzina langa lalembedwa bwino, n'kumenya chidindo akuyasamula.

Ndisadanyamuke kupita kukaphunzira, mayi wa kachewere uja adabweranso. Adatula dengu, namwa madzi, kenaka adati ali ndi mawu ochokera kutsidya.

"Akuti muwauze akulu anga asadandaule. Ndidaona kuti adali ndi chimfine, mawu adawatsekera. Chaka chamawa adzandiyankhe kawiri."

Amayi adalibe chimfine, ndipo amayi aang'ono adadziwa zimenezo. Adawapangira okha chowiringula kuti akulu awo asasowe poyang'ana. Amayi adathokoza mlendoyo bwinobwino, n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Ndidawamva akulira, koma sindidawatsate. Ndidachita mantha ndi zimene akadandiuza.

Chaka chamawa chimene ndidawalonjeza sichidabwere. Mvula ili pakati, amayi aang'ono adamwalira pobereka, pamodzi ndi mwanayo. Uthenga udafika kwathu maliro ataikidwa kale, ndipo ine ndidamva nditabwera kutchuthi, nditavala nsapato zanga zoyamba. Amayi adandiuza ali chiimire, akupala moto, ngati akunena za mtengo umene wagwa kudimba. Sadandidzudzule tsiku limenelo, kapena tsiku lina lililonse mpaka imfa yawo. Ndikadakonda akadanditukwana, akadandimenya ndi chikuni, kusiyana ndi mmene ankandisungira mazira ndi kundichapira malaya a uphunzitsi. Chintali adachileka. Anthu akafunsa ankati bondo likuwavuta.

Ufulu udabwera m'nyengo yachisanu. Mapichesi atachitanso maluwa, anthu adati fesita ichitike, koma tsopano ikhale yathu. Pakhonde paja padakhala anthu akuda. Mzungu wa kodiyoni adali atapita kwawo, loja yake ili yotseka, ndipo gule wamkulu adalowa m'tauni masana ana n'kuthawira m'masiketi a amayi awo. Ine ndidali mphunzitsi tsopano, ndipo ndidabwera ndi ana a kalasi langa kudzaimba nyimbo zatsopano. Amayi a m'mudzi adachita kuwakoka amayi anga kuti abwere. Adati bondo kapena ayi, chaka chino palibe wotsala pakhomo.

Gulu la ku Domwe lidaimanso patsogolo pa gulu lathu. Malire adali atatseguka, ndipo pakati pawo padali amayi ambiri a kutsidya, osabisala. Sindidziwa ngati woimba ng'oma yaikulu adaiwala kapena adachita dala, koma adayamba kamenyedwe ka nyimbo ija. Ng'oma zinazo zidatsatira. Pamzere wa ku Domwe palibe adatuluka. Zidazungulira kamodzi, kawiri, zikudikira munthu woti odi.

Amayi adatembenuka n'kundifunafuna m'khamu la anthu mpaka adandipeza. Sadandikodole, adangondiyang'ana. Ndidasiya ana aja, ndidavula nsapato, n'kukaima kumbali ya ku Domwe. Mawu anga si a chintali, ndi a m'kalasi, ouma. Komabe ndidaitana.

"Odi kuno, odi! Kodi pakhomo pali anthu?"

Ng'oma zidatsika. Amayi sadayang'ane ine. Maso awo adadutsa pamwamba pa mutu wanga n'kukaima pa msewu wochokera ku Domwe.

"Alipo, alipo, fika mwana wa amayi!"

Amayi ena adakoka mpweya kuti ailandire nyimboyo, koma amayi anga adakweza dzanja kuwaletsa. Ng'oma zidatsikanso, bwalo lili chete, popanda woitana. Ine ndidali nditaitana kamodzi kokha. Iwo adayankha kawiri.