Achimwene Atasiya Kujambula

Achimwene anga amagwira ntchito pashopu ya fotokope, koma anthu ambiri amawadziwa ndi dzina loti Katuni. Mapepala amene makina awononga, iwo ankabwera nawo kunyumba n'kumajambula kuseri kwake nkhani ya m'timabokosi: mlonda wina wotha kuuluka, koma woopa agalu.

Vuto linali kajambulidwe kake. Kuti ajambule munthu wokwiya, ankayamba akwiya okha pagalasi. Ankatuzula maso, kukukuta mano, kenako n'kuthamangira pensulo nkhope isanazizire. Mawu a anthu awowo ankayambanso awayesa pakamwa, a mlonda ndi a chigawenga omwe.

Tsiku lina azakhali, alongo awo a malemu bambo, anawapeza akulira pagalasi, pensulo ili kukhutu.

"Mlamu," anatero kwa amayi, "mwanayu mutu wayamba. Munthu wandevu kumakangana yekha m'chipinda, mbali zonse ziwiri?"

"Akuti ndi luso."

"Luso limenelitu anzake amatola nalo mapepala mumsewu. Uyu wayamba kale, kungoti akutolera kuntchito."

Azakhali anachotsa galasi, mapepala n'kuwatsekera m'sutikesi ya amayi. Achimwene sanalimbane nawo. Chaka chimenecho n'kuti atayamba kale kutopa ndi chilichonse, ndipo chinkawadzutsa m'mawa ndi mlonda wawo uja basi.

M'nyumba munagwa bata. Akaweruka ankangofikira kugona, nkhope kukhoma. Mnzawo wokonza mafoni, amene ankakangana naye Loweruka lililonse za ngwazi ya m'makatuni imene ingagwetse inzake, anabwera kangapo n'kubwerera pakhomo. Chakudya chinkatuluka m'chipinda mmene chalowera. Tsiku lina anandipatsa mapensulo awo onse, akuti sadzawafunanso. Jekete yawo yokondedwa anapatsa mwana wa aneba.

"Mwaona?" azakhali ankauza alendo. "Wakula tsopano. Wafatsa, ndiponso ndi wopatsa."

Chimene chinawadetsa nkhawa amayi ndi lamba. Achimwene anaboola bowo latsopano, posakhalitsa linanso. Amayi anati ndi njoka zam'mimba, n'kuwakokera kuchipatala, ine nditanyamula chikwama.

Dokotala anafunsa za kudya ndi za tulo. Amayi ankayankha zonse.

"Nanga chimakusangalatsani n'chiyani masiku ano, achimwene?"

"Anali nazo zachibwana," anatero amayi, "koma tinathana nazo."

Dokotala anatipempha kuti tikadikire panja. Tinakhala pabenchi mpaka anthu apamzere anayamba kung'ung'udza.

"Kunyumba mawu timachita kupempha," amayi anandinong'oneza, "kuno akuwagawa ulere."

Atatiitananso, achimwene maso anali ofiira. Dokotala anawayang'ana kaye, iwo n'kugwedeza mutu kuvomera. Ndiye anatiuza mosazungulira: si njoka, ndi matenda a maganizo, ndipo munthuyu anali atayamba kuganiza zochotsa moyo wake. Kugawa zinthu kuja kunali kutsanzika. Mankhwala alipo, mlangizi wocheza naye sabata iliyonse aliponso. Mapepala ake abwezedwe lero lomwe.

Tinabwerera kunyumba. Titafika pageti amayi anaima n'kuyamba kukonza kolala ya achimwene, imene sinapindike n'komwe. Anaikonza nthawi yaitali.

"Uzipita kwa mlangiziyo, mwanawe. Ndizikuperekeza ndekha," anatero. "Koma wina akafunsa, ndi zilonda zam'mimba. Mwamva nonse?"

Sutikesi inatsegulidwa tsiku lomwelo, ngakhale panapita miyezi achimwene asanagwire pensulo. Panopa amajambula, masiku ena kwambiri, masiku ena ayi. Kwa mlangizi sajomba, ndipo amayi amawadikira pabenchi ija ndi nkhope ya munthu amene mwana wake akudwala matenda aulemu.

Azakhali anawaletsa tsabola ndi zakumwa za gasi. Lamlungu lililonse amabwera ndi botolo la mkaka, n'kuima pomwepo mpaka lithe. Amauza aliyense kuti iwo anaona kalekale kuti mwanayu vuto lake ndi m'mimba, kungoti pabanja pano munthu ukalankhula sakumvera.